Tisathamangire kufomata kompyuta tisanadziwe chimene chikuwononga mafayilo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi anzanga amene amasunga zolemba za magulu, masukulu ndi mipingo pa makompyuta a patebulo kuno ku chigawo cha Tete, komanso ndi akatswiri amene amatikonzera makinawa. Ine ndine mlembi wa kagulu ka alimi a mbatatesi ndi soya kufupi ndi Ulongwe, m'boma la Angónia, ndipo mayina a alimi, ngongole za feteleza ndi makilogalamu amene aliyense wapereka, zonsezi zimakhala pa kompyuta imodzi yakale.

Vuto lathu linabwera mozemba. Tsiku lina fayilo ya ngongole inakana kutseguka, Windows n'kunena kuti yawonongeka, koma m'mawa mwake inatseguka bwinobwino. Patapita sabata, kompyutayo poyaka inayamba yokha kufufuza disiki, ndipo itamaliza foda imodzi sinaonekenso. Ndinainyamula kupita nayo kwa wokonza wina, amene anaifomata, kutanthauza kufafaniza zonse za pa disiki, n'kuikamo Windows yatsopano, ndipo vutolo litabweranso patatha milungu itatu anachitanso chimodzimodzi. Ulendo wachiwiriwo tinataya zolemba za miyezi iwiri, moti ndinakhala masiku ambiri ndikutolera manambala m'makope, alimi ena akundiyang'ana ngati ndadya ndalama zawo. Zimenezi zinandipweteka kwambiri.

Amene anatithandiza ndi mphwanga amene amaphunzira za makompyuta mumzinda wa Tete, ndipo zimene anandifotokozera ndi zimene zandichititsa kulemba. Disiki ili ndi kaundula wake amene amasonyeza pamene fayilo iliyonse yagona, monga mmene amfumu amadziwira malire a munda wa aliyense. Pa Windows kaundulayo ndi NTFS, ndipo pa Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta monga Windows, kawirikawiri ndi ext4. Pulogalamu ya chkdsk, kapena fsck pa Linux, imawongola kaundula akasokonezeka, ndipo kufomata kumalemba kaundula watsopano, koma zonse ziwirizi sizinena chimene chikumusokoneza. Vuto likamabwera n'kumapita, nthawi zambiri gwero lake limakhala m'zipangizo zenizenizo, kaya ndi disiki imene yayamba kutha, chingwe chake, RAM (kachipangizo kosunga uthenga kwakanthawi kompyuta ikamagwira ntchito), kapena magetsi.

Mphwangayo asanakhudze chilichonse anayamba wakopera mafayilo onse pa disiki ina, chifukwa lamulo la chkdsk /r limawerenga disiki yonse kwa maola ambiri ndipo likhoza kumalizitsa disiki imene ikudwala kale. Kenako anatsegula pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo, imene imawerenga mbiri ya thanzi imene disiki imadzilembera yokha, yotchedwa S.M.A.R.T. Anandionetsa mizere itatu. Wa 05 umawerenga malo owonongeka amene disiki yawasiya n'kusamukira pena, wa C5 umawerenga malo amene akukayikitsa, ndipo yonse iwiri inali pa 0, kusonyeza kuti disiki yathu inalibe mlandu. Mzere wa C7, umene umawerenga zolakwika zochitika uthenga ukamadutsa pa chingwe pakati pa disiki ndi motherboard (bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo), unali ndi nambala yaikulu, ndipo atakopera mafayilo ena inakweranso ife tikuona. Atatsegula bokosi anapeza chingwe chimenechi, chotchedwa SATA, chili khwekhwerere, fumbi lili thoo, ndipo anaikapo china chimene mtengo wake sunafike n'komwe pa ndalama imene ndinalipira pofomata kamodzi. Anandichenjeza kuti nambala ya C7 sibwerera pa 0, ndipo chofunika n'kuona ngati yasiya kukwera.

Sanalekere pamenepo, ndipo apa m'pamene ndinaona kusiyana kwa ntchito yake ndi ya woyamba uja. Anasiya pulogalamu ya Memtest86+ ikuyesa RAM usiku wonse, chifukwa RAM yolakwika imasintha uthenga usanafike pa disiki, ndipo disiki yabwinobwino imangolemba zolakwikazo mokhulupirika. Kutacha m'pamene analola chkdsk /f kuwongola kaundula.

Za magetsi tonse tikuzidziwa. Akathima kompyuta ili pakati polemba, fayilo imatsala yosamalizika, n'chifukwa chake gulu lathu linasonkha ndalama n'kugula UPS, bokosi la batire losunga magetsi, imene imatipatsa mphindi zingapo zoti tisunge ntchito ndi kuzimitsa mwadongosolo. Anzathu a mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ayenera kusamala kuposa ife a kumapiri kuno, pochotsa fumbi ndi kuona kuti mafani akuzungulira. Mafulashi nawonso, amene ambiri amakhala ndi kaundula wa FAT32 kapena exFAT, alibe chitetezo chimene NTFS ili nacho ntchito ikadukira panjira, choncho kuzula fulashi musanaiuze kompyuta kumawononga kaundula wake mosavuta.

Pempho langa kwa akatswiri athu ndi lakuti munthu akabwera ndi kompyuta ya vuto lotere, muyambe mwamufunsa ngati mafayilo ake ali ndi kwina kumene anasungidwa, mumuonetse zimene S.M.A.R.T. ikunena, ndipo mufomate pokhapokha mwapeza gwero. Ndikudziwa kuti kufufuza kumadya nthawi ndipo ambirife timafuna kulipira zochepa, koma ine ndikanalolera kulipira tsiku lathunthu la kufufuza kusiyana n'kutaya zolemba za alimi.

Tsopano Lachisanu lililonse ndimakopera zolemba zathu pa disiki ina imene imakasungidwa kunyumba kwa amayi apampando, ndipo tsiku lomwelo ndimayang'ananso mzere wa C7. Chiikireni chingwe chatsopano, nambalayo sinasunthe.

Ine wanu,
Mlembi wa gulu la alimi,
Ulongwe, Angónia