Khalidwe la munthu silichokera mwa iye yekha

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za chizolowezi chathu choweruza munthu ngati kuti zochita zake zonse zimachokera mumtima mwake mokha. Akatswiri ofufuza za kakhalidwe ka anthu amasiyanitsa zinthu ziwiri: dongosolo lokhazikika limene timabadwiramo, monga banja, chipembedzo, sukulu ndi malamulo, komanso mmene anthu amachitirana akakumana tsiku ndi tsiku.

Mu 1897, Émile Durkheim, katswiri wa za kakhalidwe ka anthu wa ku France, anaonetsa kuti ngakhale kudzipha, kumene ambiri amakuona ngati nkhani ya munthu payekha, kunkachitika kwambiri pakati pa osakwatira kusiyana ndi apabanja, ndiponso pakati pa Apulotesitanti kusiyana ndi Akatolika. Iye anati gwero lake linali kulimba kapena kufooka kwa ubale wa munthu ndi gulu lake.

Komabe dongosolo silidziyendetsa lokha. Mphunzitsi akalowa m'kalasi ana n'kukhala chete, udindo wake umalimba pomwepo, koma akamamuderera tsiku lililonse, udindowo umangotsala papepala.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti polemba za umbanda kapena za ana osiya sukulu, atolankhani anu azifufuzanso za mabanja, ntchito ndi magulu amene anthuwo akukhalamo.

Ine wowerenga wanu.