Kwa mng'ono wanga ku Santhe, za mapiritsi a amayi

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira mwadzuka nonse kumudziko, amayi, achemwali, ana ndi atsibweni. Ine chifuwa chija chachepa. Moni wautali ndidzapereka pa foni.

Tinalandira Lachisanu, ndipo Loweruka ndinatumiza R1,800 pa Mukuru. Ulendo uno yapita ku nambala ya achemwali, osati yako. Usakwiye usanawerenge mpaka pansi. Kalatayi ndalemba papepala dala kuti uwawerengere amayi achemwali ali pomwepo, chifukwa uthenga wa mawu umamvera wekha n'kufufuta.

Ndamva kuti amayi anagwa chizungulire ku dimba. Atawayeza kuchipatala, BP inali 180 pamwamba, 100 pansi. Atafunsidwa ngati akumwa mapiritsi, akuti anasiya mu Meyi chifukwa iwe unawabweretsera botolo la munthu wa pa WhatsApp, lija akuti limatsuka magazi n'kuchotseratu BP, shuga ndi nyamakazi. K25,000 botolo limodzi, lopanda ndi chizindikiro chomwe cha amene analipanga! Usiku umene ndinamva zimenezi tulo sindinatione.

Tamvera. BP si malungo oti umwa LA masiku atatu n'kuchira. Nditapita ku kiliniki kuno ndi chifuwa mu Juni anandiyeza nanenso, ndipo namwino anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Ikamapitirira 140 pamwamba kapena 90 pansi, ndiye kuti yakwera. Choopsa chake n'chakuti nthawi zambiri sipweteka. Munthu amalima, amaseka, amapita ku tchalitchi, koma mitsempha ikuwonongeka, impso zikufooka, mpaka tsiku lina mtsempha wa m'mutu uphulika kapena kutsekeka, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Mapiritsi aja amangoigwira kuti isakwere, ukawasiya imabwerera. Ukukumbukira mmene anagonera agogo aamuna zaka ziwiri, pakamwa patapotoka, ife tikuwatembenuza pamphasa? Anthu ankati awalodza chifukwa cha malire a munda. Lero ndimaganiza kuti inali BP yomweyi, kungoti palibe anawayezapo. Ukufuna amayi adzagone chimodzimodzi?

Zitsamba sindikuzinyoza. Nanenso chimfine chitandigwira ndinafukiza masamba a bulugamu, ndinamwa mandimu ndi jinja. Koma mankhwala amodzi ochiza matenda onse kulibe. Akanakhalapo, wogulitsayo sakanamafuna makasitomala pa WhatsApp.

Mchere achepetse. Pa tsiku usapitirire kasipuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo zonse. Usipa wouma achemwali aziyamba auviika m'madzi.

Tsopano ya Meyi ija. Ndinatumiza R1,800 yomweyi, ndinanena bwinobwino kuti ina ndi thiransipoti ya amayi yopitira ku boma, ina mapiritsi a ku famase ngati kuchipatala atha, yotsala sopo ndi chigayo. Botolo ladya K25,000, chabwino. Nanga inayo? Ine ndinaona chithunzi chako pa Facebook, uli pa tiredingi ndi Tecno yatsopano ya makamera atatu. Fodya wa chaka chino ku Chinkhoma sunapititse ngakhale belo limodzi. Sindikuti waba, ndikufunsa kuti foniyo yachokera kuti. Ngati wakongola, undiuze kwa ndani, lisanafike tsiku loti anthu adzamasule mbuzi za amayi m'khola.

Foni payokha si yoipa. Ndi foni yomweyo ndinaona nkhope ya amayi pa Khirisimasi, ndipo Maule akamasewera ndi Manoma ndimatsegula wailesi ya kwathu pa intaneti, ndimamva ngati ndakhala pakhonde. Chimene chikundiwawa n'chakuti akuti umachezera usiku ndi kandege. Kandege kaja ndi kompyuta, mng'ono wanga, anaikonza kuti pamapeto mwini wake ndiye azipindula. Ikupatsa K5,000 lero kuti mawa uikemo K20,000. Kuno ndagonapo chipinda chimodzi ndi mnyamata wa ku Mzimba amene anathera malipiro a mwezi wathunthu mmenemo, mpaka tinachita kumusonkhera ya lendi. Kuvina pa TikTok vina, ndiwe mnyamata, koma bandulo usagulire ndalama ya mapiritsi.

Sola ija ndinagulira nyale kuti ana aziwerenga ndi kuti amayi aziona polowa usiku. Ndamva kuti mwalumikizako sabuufa, mukuonetsa mafilimu omasulira aja mpaka pakati pa usiku, mafoni a mudzi wonse akutchajidwa pomwepo. Batire ukamalikama mpaka kutheratu tsiku ndi tsiku silichedwa kufa. Likafa ine sindigulanso lina. Ngati anthu akulipira potchaja, ndalamayo izilowa m'chitini cha amayi.

Mumaona ngati randi ikasinthidwa n'kukhala makwacha ambirimbiri ndiye kuti kuno tikutola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 munandiimbira nokha kuti feteleza ndi shuga zakwera, kuchuluka kwa mapepalako kunakuthandizani chiyani? Ine ndimadzuka 4 koloko, udzu utayera ndi chisanu, zala zosapindika, kukwera matekisi awiri kuti ndikafike ku ntchito. Kuzizira kwa Julayi wa ku Kasungu n'kwamasewera poyerekeza ndi kwa kuno. Nyengo ino kwathu bwenzi tikuwotha moto wa zitsononkho, mbatata ili m'phulusa, anyamata akubwera ndi mbewa kuchokera kumunda. Ufa wa m'sitolo wa kuno nsima yake siikhala m'mimba. Ndikakumbuka nkhwani wotendera wa amayi ndimangoti bola Disembala afike.

Chimanga cha m'nkhokwe musagulitse ngakhale ndowa imodzi, mavenda anene mtengo wanji. Ana azigona m'masikito, ndisamvenso kuti neti yatchingira anapiye.

Kalatayi yabwera ndi wa basi wonyamuka ku Park Station Lachiwiri, pamodzi ndi kachikwama. Muli bulangete la amayi, nsapato za ana, ndi makina oyezera BP amene ndagula ku famase. Amagwiritsa mabatire ang'onoang'ono, ndaikamo kale. Amayi azikhala pampando mphindi zisanu osayankhula, mkono utatsamira patebulo, ndiye muziwayeza, m'mawa ndi madzulo. Manambala ake uzilemba m'kope, popita kuchipatala muzitenga kopelo. Imeneyi ndi ntchito yako, chifukwa m'nyumbamo wodziwa zamakina ndiwe.

Lolemba uwaperekeze amayi kuchipatala, botolo lija ulitenge ukawaonetse adokotala. Mukabwerako ujambule tsamba la m'kabuku kawo ka kuchipatala ndi mapiritsi amene alandira, unditumizire tsiku lomwelo. Kamera uli nayo. Za foniyo ndikudikira yankho lako lisanafike tsiku lolandira la mwezi uno.

Amayi, pepani kuti ndayankhula mokalipa pamaso panu. Imwani mapiritsiwo tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene mukumva bwino.

Ndine mkulu wako,
ku Joni.