Magulu othandiza osiya mowa afike pafupi ndi anthu

Mkonzi,

Potsatira nkhani yanu yokhudza uchidakwa pakati pa achinyamata, ndikuona kuti chomwe chikusowa kwambiri ndi magulu okumana pafupi ndi kwawo kwa anthu ofuna kusiya mowa.

Mchimwene wanga anamwa kachasu kwa zaka zambiri mpaka ntchito inamuthera. Kuchipatala anamupatsa mankhwala ochepetsa kunjenjemera, koma atabwerera kumudzi anapeza anzake omwe aja akumudikira. Chinamuthandiza ndi kagulu kamene kamakumana sabata iliyonse, komwe aliyense amafotokoza mavuto ake popanda womuseka, ndipo zokambidwa zimathera momwemo. Njira imeneyi, yomwe a bungwe la anthu othandizana kusiya mowa la Alcoholics Anonymous anaiyambitsa ku Akron m'dziko la America mu 1935, imangofuna chipinda ndi mipando. Komabe tinafunsafunsa kwa miyezi ingapo tisanamve za kaguluko, ndipo kuti akafike ankakwera minibasi ziwiri.

Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti upatse alangizi a zaumoyo mndandanda wa malo ndi masiku okumanira, wailesi za m'madera zizilengeza, ndiponso mipingo ndi mizikiti ipereke zipinda zake kwaulere.

Wowerenga wanu,
Ntcheu