Methadone sagwirizana ndi mankhwala ena

A Mkonzi,

Ndikulemba za abale athu amene akumwa methadone pofuna kusiya mankhwala ozunguza bongo a heroin. Mphwanga anayambira mankhwalawa ku Johannesburg. Atabwera kuno anamupeza ndi TB, ndipo atangoyamba mapiritsi ake anayamba kutuluka thukuta usiku wonse, mamina ali chuchuchu, mafupa kuphwanya. Amayi analira, poganiza kuti wayambiranso zija.

Sanayambirenso ayi. Rifampicin, amene ali m'mankhwala a TB, amachititsa chiwindi kugaya methadone msanga, ndiye mphamvu yake imachepa m'magazi, thupi n'kuyamba kuvutika ngati mmene limachitira munthu akangosiya heroin. Ma ARV a efavirenz ndi nevirapine amateronso.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mowa ndi mapiritsi ogonetsa a diazepam. Munthu akaphatikiza methadone ndi kachasu kapena timapiritsi togonetsa togula pamsika, amapuma pang'onopang'ono, n'kuyamba kuliza mkonono, apabanja n'kumati wagona bwino, pamene moyo ukuchoka. Ogulitsawo safunsa n'komwe zomwe ukumwa kale.

Chonde madokotala ndi anamwino, muzifunsa mosanyoza, chifukwa manyazi ndi amene amatseka odwalawa pakamwa. Zonse zilembedwe m'kabuku ka kuchipatala, ndipo mlingo aziusintha dokotala, osati wodwala yekha. Zipatala zathu zizisunganso naloxone, amene amabwezeretsa kupuma.

Mkulu wake wa wodwala,
Chinamwali, Zomba