Lipoti la ulendo wa ku Notre Dame pokumbukira Martin Luther King

A tcheyamani, a komiti ndi mamembala nonse,

Ndapita, ndabwerako bwino. Kuchokera kuno ku Indianapolis kukafika ku South Bend, dera komwe kuli yunivesite ya Notre Dame, ndi maola pafupifupi atatu, ndipo ndalama ya mafuta yomwe munandipatsa inathera pamsewu pomwepo. Malisiti ndapereka kale kwa a msungichuma, kuti pasadzakhalenso zofunsana pa WhatsApp ngati chaka chatha.

Yunivesite ya Notre Dame imakumbukira Martin Luther King, yemwe ankamenyera ufulu wa anthu akuda ku America, chaka chilichonse mu Januwale, kwa sabata yathunthu yomwe amaitcha Walk the Walk Week. Mapemphero oyatsa makandulo anali abwino, koma kuzizira kwake, abale anga, kosayamba. Zokambirana za aphunzitsi zinali zazitali, Chingerezi chake cha m'mabuku. Ndinakajambulitsanso pa chifanizo cha King ndi Bambo Theodore Hesburgh, yemwe anatsogolera yunivesiteyi kuyambira 1952 mpaka 1987. Chifanizocho anachitengera pa chithunzi cha 1964 ku bwalo la masewera la Soldier Field, Chicago, pomwe awiriwa anagwirana manja.

Koma chomwe chandisowetsa tulo ndi nkhani ya ku mzinda wa Memphis. Ambirife timangodziwa kuti King anaomberedwa kumeneko pa 4 Epulo 1968, osafunsa kuti ankakatani. Pa 1 Febuluwale chaka chomwecho, anthu awiri otola zinyalala, Echol Cole ndi Robert Walker, anaphwanyidwa ndi makina a galimoto yawo atabisalamo mvula. Mabanja awo anatsala opanda inshuwalansi, ndalama yochepa yomwe anapatsidwa osakwanira ngakhale maliro. Anzawo pafupifupi 1,300 ananyanyala ntchito, ndipo King anapita kukaima nawo.

Pomva izi, ine maganizo anali pa thumba lathu la maliro. Tinagwirizana zosonkha mwezi ndi mwezi, koma ndi angati akusonkha? Maliro akagwa ndiye timayamba kuthamanga ndi mbale kuti thupi lipite kumudzi, ndipo opereka amakhala omwewo. Ena akuti malamulo athu ndi okhwima. Ayi, ndi ofewa kwambiri. Amene wadumphitsa miyezi itatu popanda chifukwa aimitsidwe kaye. Ndinanena izi pa msonkhano wapitawu, koma m'maminitsi sizinalembedwe, ndipo a mlembi sanandiyankhebe.

Amalawi anzathu a ku South Bend anandilandira ndi nsima, zikomo kwa iwo. Tili pa mbale tinakumbutsana kuti 15 Januwale, tsiku lomwe King anabadwa mu 1929, ndi tsikunso la John Chilembwe kwathu, yemwe anaphunzira ku Lynchburg, Virginia. Iwo akufuna tidzachitire limodzi mwambo umodzi chaka chamawa. Ine ndavomera ndi pakamwa chabe, chifukwa ndikudziwa kuti a komiti afunsa za ndalama ya holo.

Ndikupempha kuti nkhani ya thumba la maliro ikhale yoyamba pa ajenda Loweruka lino, isanafike ya holoyo.

Ine nthumwi yanu.