Maantibayotiki amapha ndi tizilombo tabwino ta m'mimba

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za chizolowezi chomangomwa maantibayotiki chisawawa, chifukwa ineyo zinandionekera. Mwana wanga atadwala chimfine ndinangotenga makapisozi otsala ulendo wina n'kumupatsa, chimfinecho sichinasinthe olo pang'ono koma patangopita masiku atatu anayamba kutsegula m'mimba, madzi okhaokha, milomo gwa, maso kulowa mkati, ine usiku wonse osagona. Kuchipatala adokotala anandiuza mosabisa kuti mayi, chimfine chimabwera ndi vairasi, mankhwala munamupatsawa sakhudza vairasi ayi, amene afa ndi mabakiteriya abwino a m'matumbo mwake.

Ambirife tikamva mawu oti tizilombo timangoganiza matenda basi. Koma m'thupi mwa munthu wamkulu muli mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, ochuluka ali m'matumbo aakulu, ndipo amatigwirira ntchito. Faibala ya m'zamasamba ndi zipatso ifeyo sitingathe kuigaya, amagaya ndi iwowa n'kutulutsa asidi wotchedwa butyrate amene amadyetsa khungu la mkati mwa matumbo, enanso amapanga vitamini K, komanso akadzaza malo onse tizilombo toipa timasowa pokhala. Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti mumkaka wa m'mawere muli mtundu wa shuga umene khanda siligaya, umapita kukadyetsa mabakiteriya otchedwa Bifidobacterium. Tangoganizani, mayi akamayamwitsa ndiye kuti akulera ndi tizilomboto tomwe.

Ndiye abwinowa akafa, kachilombo ngati Clostridioides difficile kamapeza mpata n'kuswana, kutsegula m'mimba kwake mpaka ena amamwalira nako. Mu 2013 madokotala a ku Netherlands anaonetsa kuti kuika chimbudzi cha munthu wathanzi m'matumbo mwa odwala oterowo kunachiritsa ambiri kuposa mankhwala. Zomveka zonyansa inde, koma zimathandiza chifukwa mabakiteriya abwino aja amabwerera.

Sindikunena kuti maantibayotiki ndi oipa ayi, zilonda zam'mimba zobwera ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori zimapola ndi mankhwala omwewa, chibayo chobwera ndi mabakiteriya chimodzimodzi. Pempho langa likupita kwa ogulitsa mankhwala kuti asamapereke maantibayotiki popanda chikalata cha dokotala, ndipo makolo anzanga makapisozi otsala aja tisamasungire mwana wina. Wangayu zinamutengera pafupifupi mwezi kuti ayambenso kudya bwino.

Ine wanu,
Mayi wa ana awiri