Invoyisi ya pa 31 Disembala

A Mkonzi,

Ndaona zithunzi zomwe munatulutsa sabata yatha za achinyamata amene amaliza maphunziro a zamalonda, atavala mikanjo ndi zipewa zawo, makolo akumwetulira pambali. Ndawanyadira. Inenso ndinavalapo mkanjo wotero zaka 9 zapitazo, ndipo mlendo wolemekezeka wa tsikulo anatiuza zomwezo zimene mwalemba kuti anzathuwa anauzidwa: tikhale okhulupirika, tipewe katangale, tikatumikire anthu. Tinaomba m'manja. Ndikupempha kamalo m'nyuzipepala yanu kuti ndiwasimbire zomwe zinandichitikira patangotha miyezi 7 chivulire mkanjowo, poti ine panalibe wonditsina khutu.

Ndinapeza ntchito mu ofesi yowerengera ndalama pa kampani ina yopikulitsa katundu. Bwana wanga anali munthu wabwino, ndipo sindikunena monyoza ayi. Mayi anga atadwala anandipatsa masiku opuma osandifunsa n'kalata ya dokotala yomwe. Madzulo a pa 31 Disembala, tikutseka mabuku a chaka, anaima pa desiki yanga nandiuza kuti ndilembe invoyisi (chikalata cholipiritsa wogula) ya katundu amene amayenera kunyamuka pa 6 Januwale, koma ndiikepo deti la tsikulo. "Mwana wanga, apa palibe bodza," anatero. "Wogula wavomera kale, katundu alipo, yachedwa ndi galimoto yokha." Banki yomwe inatikongoza ndalama inkafuna kuona kuti malonda a chaka afika pa mlingo womwe tinagwirizana, ndipo tinali titaperewera pang'ono. Ndinalemba. Sizinanditengere mphindi zisanu.

Ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndalakwa. Chaka choyamba chenicheni amaphunzitsa kuti malonda amalowa m'buku katundu akachoka m'manja mwako n'kukhala wa wogula, osati pamene mwangopangana. Funso limeneli ndinalikhoza pa mayeso. Koma palibe mphunzitsi anandiuzapo kuti wodzandipempha kuswa lamuloli adzakhala munthu yemwe anandichitira chifundo, ndipo adzapempha mofatsa, kunja kutada, aliyense akufuna kuweruka.

M'kalasi tinaphunzira za Enron, kampani ya mumzinda wa Houston ku America yomwe inagwa mu Disembala 2001 itabisa ngongole zake kwa zaka zambiri. Tinaseka titamva kuti inali ndi kabuku ka malamulo a khalidwe ka masamba 64, ndipo pa mfundo zake zinayi panali kukhulupirika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tinadzuma titamva kuti mkulu wake, Jeffrey Skilling, anali ndi MBA, digiri yapamwamba ya kayendetsedwe ka bizinesi, ya ku yunivesite yotchuka ya Harvard. Komabe nkhaniyi inkatisiya ndi mtima wa mbee, chifukwa tonse tinkadziwa kuti sitili ngati Skilling. Anali wolemera, wodzikuza, wakutali. Ukamva za chilombo chotere umangothokoza kuti iwe ndiwe munthu.

Munthu amene ndikanafuna kuti tiphunzire za iye ndi Betty Vinson. Anali akauntanti wa udindo wapakati pa kampani ya matelefoni ya WorldCom, wopanda dzina lomveka. Mabwana ake atamuuza mu 2000 kuti asinthe manambala kuti phindu lioneke lalikulu, zinamuvuta mumtima mpaka anaganiza zosiya ntchito. Anamutsimikizira kuti ndi kamodzi kokha, ndipo anakhalabe, poti banja lake linkadalira malipiro akewo. Kamodziko kanabwerezedwa miyezi itatu iliyonse. Ndalama zomwe kampani inkalipira pogwiritsa ntchito mawaya a makampani ena zinkalembedwa ngati zogulira chuma chokhalitsa, kuti zisachotsedwe pa phindu la chakacho. Mu 2002 Cynthia Cooper, yemwe ankatsogolera ofufuza mabuku a m'kampani momwemo, anagwira ntchito usiku ndi anzake mobisa mpaka anapeza madola 3.8 biliyoni olembedwa molakwika. Mu 2005 mkulu wa kampaniyo, Bernard Ebbers, anagamulidwa zaka 25, ndipo Vinson anapita kundende miyezi isanu. Nditawerenga nkhani yake ndinakhala chete nthawi yaitali. Kusiyana kwa iye ndi ine kunali kukula kwa manambala basi.

Chimene chimavuta ndi bodza la m'mabuku n'choti limasiya dzenje. Malonda omwe ndinawakokera mu Disembala anasowa mu Januwale. Pofika kumapeto kwa Malichi dzenje lija linkafuna kukwiriridwa, ndipo dothi lake tinakalitapa mu Epulo. Ulendo uno anali mainvoyisi atatu. Ndinalembanso, ndipo chomwe chimandichititsa manyazi mpaka lero n'choti ulendo wachiwiriwu ndinagona tulo tabwino.

Anandipulumutsa ndi mayi wina wachikulire wa mu ofesi mwathu, kalaliki wopanda digiri iliyonse, amene ankasunga mafayilo. Tsiku lina tili awiri anandiuza chapansipansi kuti, "Mwanawe, chimene bwana akuopa kulemba yekha, iwe usasayinire." Kumapeto kwa Juni bwana atabweranso, ndinayankha mawu akunjenjemera kuti, "Bwana, chonde mundilembere zimenezi pa imelo kuti ndiike m'fayilo." Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Zisiyeni." Kuyambira tsikulo anasiya kunditchula mwana wake, ndinasanduka "mayi" wopatsidwa moni wa patali. Sanandichotse ntchito. Kungoti mpando womwe anandilonjeza unapita kwa wina, ndipo patatha chaka ndinachoka ndekha.

Ndamva ena akunena kuti omaliza maphunziro a zamalonda azilumbira ngati madokotala. Zinayesedwapo. Mu 2009, chuma cha dziko lonse chitagwedezeka chifukwa cha ngongole za nyumba ku America, ophunzira a ku Harvard Business School analemba lumbiro lolonjeza kuti sadzaika phindu lawo patsogolo pa ubwino wa anthu, ndipo ambiri m'kalasi mwawo anasayina. Sindikulinyoza. Koma dokotala akaswa lumbiro lake pali bungwe lomulanda chiphaso, pamene wa MBA digiri yake imakhalabe pakhoma. Ndipo ine ndikanalumbira, ndikanalumbira ndi mtima wonse, n'kulembabe invoyisi ija. Sindinkasowa mfundo zabwino. Ndinkasowa mawu oti ndinene bwana ataima pamaso panga, komanso ndalama zoti ndidye ngati akanandithamangitsa.

Choncho kwa aphunzitsi a sukulu zimenezi ndikuti, pambali pa nkhani za makampani akuluakulu, muziwayesa ophunzira m'kalasi momwemo. Wina akhale bwana wachifundo, wina akhale wantchito watsopano amene ali ndi ngongole ya fizi ndi abale omuyang'anira, ndipo ayese kukana mokweza mpaka lilime lizolowere. Timayeserera kulankhula pamaso pa olemba ntchito, timayeserera kukopa oika ndalama mu bizinesi, nanga kukana kokhaku bwanji timakusiyira tsiku la tsoka?

Kwa inu achimwene ndi achemwali amene mwangovula mikanjo, malipiro oyamba akabwera yambani kusunga, ngakhale pang'ono, mpaka zikwane zoti mungakhalire miyezi itatu opanda ntchito. Ine ndinatha kutsegula pakamwa mu Juni muja chifukwa ndinali nditasungako kangachepe. Mukangoyamba ntchito funsaninso kuti ofufuza mabuku amapereka malipoti awo kwa yani, ndipo muwalemekeze akalaliki akale omwe mudzawapeze, chifukwa aona mabwana ambiri akubwera ndi kupita.

Pomaliza a Mkonzi, chaka chamawa mukadzatumiza wojambula ku mwambo wa mikanjo, mudzatumizenso mtolankhani kwa omwe anamaliza zaka zisanu zapitazo, akawafunse za tsiku loyamba limene anapemphedwa kusintha deti kapena nambala, ndi zomwe anayankha. Mukalonjeza kubisa mayina awo adzalankhula. Inenso ndikupempha kuti langa mulibise, chifukwa bwana uja ali moyo ndipo mayi anga amamufunsabe.

Ine wanu,
Mayi wowerengera ndalama